Tiyi wa Akazembe

Anandiuza kuti ndizilowa osagwedeza makapu,
ndizituluka ngati sindinamve kanthu.
Lero ndi tsiku lachitatu la msonkhano.
Patebulo lalitali la hotela yathu
timbendera tisanu ndi tiwiri taima njo
pakati pa mabotolo a madzi.

Akukamba za nkhondo ya kutali,
dziko lomwe dzina lake limandipinda lilime.
Bambo wa tayi yofiira akuti ndalama zilipo
koma zidzere m'thumba la kwawo.
Mayi wa magalasi akuti ayi, thumba likhale limodzi.
Womasulira, Yotamu wa ku Kapata,
thukuta kamukamu, akusakasaka mawu aulemu
onenera kuti sitikukhulupirirani.

Shuga masupuni angati, bwana?

Pakhoma awalitsa mapu.
Timadontho tofiira ndiye misasa,
kadontho kamodzi anthu zikwi khumi.
Wina akuti za chaka chatha sizinafike ndi theka lomwe.
Wina akufunsa kuti pamatumba padindidwe chizindikiro cha yani,
ndipo funso limeneli ladya m'mawa wonse.

Ine ndinakhalako m'kadontho kofiira.
Ndinali ndi zaka zisanu ndi chimodzi
usiku umene tinathawa ku Mozambiki,
amayi, a Rozariya, atamanga dzanja langa ku lawo ndi mpango,
Domingu ali kumsana.
Ku Ukwimi anatipatsa khadi ndi nambala,
nyemba zosapsa msanga,
mafuta m'chitini cha zilembo zachilendo.
Sitinafunse kuti mbenderayo inali ya yani.
Mafuta atatha chinasanduka chotungira madzi,
chitabooka amayi anabzalamo tsabola.

Mwezi wina lole inachedwa.
Tinkakhala m'mbali mwa msewu kumvetsera injini,
kumva njuchi zokha.
Domingu sanadikire.
Ndinkati mwina mlatho unagwa, mwina tayala linaphulika.
Sindinadziwe kuti mwina kwinakwake kunali chipinda chozizira chonga chino,
ndi munthu wonga ine akuthira tiyi.

Masana ndapeza mayi wa magalasi kuseri kwa khitchini,
nsapato ali nazo m'manja,
akulankhula pafoni motsitsa mawu ngati wopempha ngongole.
Atadula anapukuta m'maso ndi mkono wa jekete.
Anandifunsa dzina. Ndinati Zelipa.
Analitchula kawiri, molakwika kawiri konse,
n'kuvala nsapato, n'kubwerera kukamenyana ndi wa tayi uja.
Ndinafuna kumuda. Zinakanika.

Kumashedi a pafupi ndi njanji
malole adikira chidikirire kuyambira Lolemba.
Mlamu wanga Asafu agona pansi pa ngolo yake,
akuti atopa ndi nsolo,
akuti chimanga cha alimi a ku Katete ndi ku Chadiza
chayamba kulira m'matumba.
Anankafumbwe sadikira siginecha.

Dzuwa litapendekera kuphiri la Kanjala
agwirizana pa theka la zomwe anabwerera,
theka linalo adzakambirana mvula ikatha,
mumzinda wina, pa tiyi wa munthu wina.
Awomba m'manja.
Andipatsa foni kuti ndiwajambule,
ndawauza kuti ayandikane, ndipo andimvera,
mayiko asanu ndi awiri kufinyana phewa ndi phewa
chifukwa Zelipa wanena.

Tsopano mwatsala ine ndi mipando.
Mabotolo khumi ndi atatu atsegulidwa, kumwedwa pang'ono, kusiyidwa.
Papepala lina wina wajambula kambalame pambali pa mamiliyoni.
Mapu aiwala kuzimitsa.
Ndayandikira khoma ndi thireyi m'manja,
mthunzi wanga waphimba misasa itatu,
ndasuntha msanga.

Theka ndi theka, amayi akanatero,
umaphika lomwelo.
Foni yalira m'thumba la epuloni. Ndi Asafu:
akuti awauza anyamuke mawa mbandakucha,
malole anayi mwa asanu ndi anayi,
ndipo yake sakudziwa ngati ili m'gulumo.